LENTI YA M'NYENGO YA NJALA: Mbiri ya Kusala ndi Kupereka ku Mapiri a Dedza

Lero tikwera mtunda kupita ku Dedza, boma limene ambiri a inu mumalidziŵa ndi mbatata ya kachewere imene mumagula pa zenera la basi, ndiponso ndi chisanu chimene chimakuloŵani m'mafupa basiyo ikaima pa siteji m'mamaŵa. Phiri la Dedza ndi lalitali mamita pafupifupi 2,200, ndipo tauni imene ili patsinde pake ili pamalo okwera kwambiri. Kum'maŵa kwake, mukadutsa Bembeke, dziko limagwa mwadzidzidzi kutsikira ku Mua ndi ku Mtakataka, kumene kuli chitungu cha kunyanja.

Nkhani yathu ndi ya nyengo ya Lenti, masiku 40 amene akhristu a mipingo ina amakonzekera Pasaka. Pali funso limene akhristu a m'mapiri ameneŵa akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 100. Funsolo ndi ili: munthu amene wagona ndi njala dzulo, osati mwa kufuna kwake, mungamuuze bwanji kuti lero asale zakudya?

Tiyambire kumene mwambowu udachokera. Pofika zaka za m'ma 300, akhristu a m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean adali atayamba kale kupatula masiku 40 Pasaka asanafike, pokumbukira masiku amene Yesu adakhala m'chipululu. Athanasius, episkopi wa ku Alexandria ku Egypt, ankalembera akhristu ake makalata chaka ndi chaka oŵadziŵitsa tsiku la Pasaka, ndipo adaŵalimbikitsa kusunga masiku ameneŵa. Choncho amene amati Lenti ndi chinthu cha Azungu okha aziyamba akumbukira kuti Africa adaidziŵa kale kwambiri. Nthaŵi imeneyo nyengoyi idali makamaka ya anthu amene ankayembekezera ubatizo usiku wa Pasaka, ndi ya ochimwa amene ankalapa poyera atadzola phulusa. Mpingo wonse unkasala nawo limodzi. Aphunzitsi akale monga Augustine wa ku Hippo ankanenetsa kuti chakudya chimene munthu wadzimana si chake ai, ndi cha mmphaŵi. Kusala kopanda kupereka ankakuyesa umbombo chabe, poti munthu akadzimana lero nkusunga kuti adzadye maŵa, wapindula yekha.

Tsiku la Pasaka limayendera mwezi wakumwamba. Limagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, motero Lachitatu la Phulusa, limene limatsekula Lenti, limagwa pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi. Ku Ulaya imeneyi ndi nthaŵi imene chisanu chikutha ndipo usana ukutalika. Liwu lakuti Lenti lomwe lidachokera ku mau akale a Chingerezi onena za nyengo imeneyo. Koma taganizani za miyezi yomweyi kwathu kuno. Chimanga chamasula, koma sichinakhwime, ndipo kumtunda kozizira ngati ku Bembeke chimachedwerapo. Nkhokwe yapepuka, mwina yaguga kale m'Januwale. Abambo ali pa ganyu wa m'munda wa eni, wawo uli m'thengo. Amai atenga dengu kukasuma. Pa moto pali nkhwani, maungu ndi bowa, ndipo nsima ikapezeka ndi ya gaga. Abale athu Achisilamu a kwa Tambala ndi madera ena a boma lomweli amasalanso pa Ramadan, koma mwezi wawo umayendayenda: chaka china ugwa m'masika, patapita zaka ugwa m'dzinja. Lenti yokha siisuntha. Chaka chilichonse imafika pakhomo njala ili kale m'nyumba.

Amene adabwera ndi Lenti m'dera lino ndi ansembe a chipani cha White Fathers, chimene Kadinala Charles Lavigerie adachiyambitsa ku Algiers m'chaka cha 1868. Ulendo wawo woyamba m'dziko muno, kwa Mponda ku Mangochi kuyambira 1889 mpaka 1891, udalephereka. Adabweranso mu Seputembala 1902 namanga mahema awo ku Mua, patsinde pa mapiri, m'dziko la Inkosi Kachindamoto. Mishoni ya Mtakataka idatsatira mu 1908, ndipo mu 1910 adakwera phiri kukatsekula Bembeke, kumene mphepo yake inkapatsa mpumulo ansembe otopa ndi malungo a kunyanja. Episkopi Mathurin Guillemé, amene adaloŵa m'malo mwa Joseph Dupont, uja wotchuka ndi dzina lakuti Motomoto, mu 1911, adasandutsa Bembeke likulu lake. Kwa zaka zambiri malamulo a Mpingo wa Katolika a m'chigawo chapakati ankatsika kuchokera pa mtunda umenewu.

Lavigerie adalamula ansembe ake kuti asafulumire kubatiza anthu. Adabwezeretsa mwambo wa mpingo wakale, wakuti munthu wamkulu aphunzire zaka zinai asanalandire ubatizo. Motero Lenti ya ku Mua ndi ku Bembeke idafanana ndi ya m'masiku a Athanasius koposa ya ku France kumene ansembewo ankachokera, poti kumeneko aliyense ankabatizidwa ali khanda. Kuno ophunzira ubatizo ankachoka m'midzi yawo, ena ulendo wa tsiku lathunthu pansi, kukagonera ku mishoni masabata otsiriza, kuloŵeza katekisimu, kugwira ntchito ndi kuyesedwa mayeso. Kwa mwamuna wa mitala, kudzimana kwake kudali kusiya akazi ena. Kwa mnyamata womeka, kudali kusiya dambwe, ndipo mkangano wa pakati pa mishoni ya Mua ndi Nyau m'zaka za m'ma 1920 ndi wodziŵika bwino m'mbiri. Kaya ansembewo adaweruza bwino pa zonsezi kapena ai ndi nkhani ya tsiku lina. Ku Mua komweko, mu 1976, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni, kumene zilombo za Gule Wamkulu zimasungidwa mwaulemu. Chofunika kwa ife lero nchakuti akhristu oyambawo ankadziŵa kuti Lenti ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo sudali wa pa mbale pokha.

Tsono nali lamulo la kusala monga lidaliri m'buku la malamulo a Mpingo la 1917. Munthu wa zaka 21 mpaka 59 ankayenera kudya mokhuta kamodzi kokha pa tsiku, masiku onse a Lenti kupatula Lamulungu, nkungolaŵa pang'ono m'maŵa ndi madzulo. Nyama idali yoletsedwa Lachisanu ndi Loŵeruka. Odwala ndi ogwira ntchito ya thukuta ankakhululukidwa, ndipo maiko a mishoni kaŵirikaŵiri ankapeputsiridwa malamuloŵa. Komabe tamverani bwino mau akewo. Kudya kamodzi pa tsiku, kumene ku Ulaya ankati nkuzunza thupi, m'mudzi wa ku Dedza mwezi wa Febuluwale ndi mwai wa banja limene zinthu zikuliyendera. Nanga nyama? Kuletsa nyama munthu amene amailaŵa pa Khirisimasi ndi pa maliro kuli ngati kuletsa nkhuku kuyamwitsa. Ine ndimaganiza kuti akatekisti a masiku amenewo, amene ankafotokoza lamuloli pansi pa mtengo, mimba zawo zomwe zikulira, adali oyamba kuona kuti likusoŵa kumasulira kwina. Nchifukwa chake zimene zidazika mizu m'midzi ndi zina: kusiya moŵa ndi fodya, kuyanjana ndi mbale amene udayambana naye, kukalapa, ndi Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse, imene mpaka lero imadzaza matchalitchi. Anthu odziŵa kusenza katundu pa mtunda sadavutike kumva za munthu wogwa katatu ndi mtengo paphewa.

Mbali ya kupereka ndiyo idachedwa kumera, ndipo chifukwa chake nchosabisika. Matchalitchi a njerwa, masukulu, chipatala cha Mua ndi malo osamalira akhate amene adatsekulidwa kumeneko mu 1927, zonsezi zidamangidwa ndi manja a anthu a kuno koma ndi ndalama za kunja. Gawo lalikulu linkachokera ku bungwe lofalitsa chikhulupiriro limene lidayambira ku Lyon mu 1822, kumene mai wina dzina lake Pauline Jaricot adayamba kusonkhetsa anchito a m'mafakitale kakobiri kamodzi pa sabata. Ndiye kuti amphaŵi a ku France ndiwo ankathandiza amphaŵi a ku Nyasaland. Koma mkhristu wa kuno sankaŵaona anthu amenewo. Iye ankangoona wansembe akutulutsa mchere, nsalu ndi mankhwala m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo adazoloŵera kuganiza kuti mpingo ndi wa abambo, ndiponso kuti abambo sasoŵa kanthu. Pamene ansembe adayamba kupempha chopereka cha pachaka, adachitcha mtulo, liwu limene kale linkanena za mphatso yopita kwa mfumu. Kwa anthu amene ankathaŵa kale amesenjala a msonkho wa nyumba, ndipo amuna awo ambiri adali ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama ya msonkhowo, mtulo unkamveka ngati msonkho wachiŵiri.

Pa mapiri omweŵa padalinso mpingo wina umene unkayenda njira yosiyana. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa adayamba ku Mvera mu 1889, nafika ku Nkhoma mu 1896 ndi ku Mphunzi, m'boma la Dedza, mu 1903. Iwo ndi ansembe aja ankalimbirana midzi yoikamo sukulu, nthaŵi zina mosakomera dzina la Mwini ntchito. Mwa chiphunzitso chawo sankasunga Lenti. Phulusa ndi masiku oikika osala ankaziyesa miyambo ya anthu. Koma pa kupereka ankalimbikira kuyambira pachiyambi, kuti mpingo uzilipira okha aphunzitsi ndi abusa ake, ndipo mu 1962 Sinodi ya Nkhoma idalandira udindo wonse kuchoka m'manja mwa amishoni. Liwu limene mipingo ya mbali imeneyi imakonda ndi ukapitawo. Liwuli lili ndi mbiri yoŵaŵa. Lidachokera ku Chipwitikizi, ndipo agogo athu ankadziŵa kapitawo ngati munthu wa mkwapulo pa esiteti ya fodya kapena pa ntchito ya mseu. Koma omasulira Baibulo adalitenga pofuna kunena za wantchito amene mbuye wake wamsungitsa chuma, amene tsiku lina adzafunsidwa kuti adachiyendetsa bwanji. Kapitawo si mwini munda. Akatolika adali ndi nyengo yosala yopanda chizoloŵezi cholimba cha kupereka, anzawo a ku Nkhoma adali ndi kupereka kopanda nyengo yosala, ndipo m'midzi yambiri anthu a mipingo iŵiriyi ankadyera mbale imodzi, nkumaonerana.

Zinthu zidayamba kutembenuka pamene mwana wa m'deralo adakhala pa mpando. Cornelius Chitsulo, mbadwa ya dera la Mua, adaphunzira ku seminale ya Kipalapala ku Tanganyika nadzozedwa unsembe mu 1937, woyamba mwa Amalaŵi onse mu Mpingo wa Katolika. Mu 1956 Dedza idapatulidwa kukhala chigawo cha mpingo pachokha, chophatikiza Ntcheu ndi mbali ina ya Salima, ndipo mu 1957 Ambuye Chitsulo adadzozedwa uepiskopi, woyambanso m'dziko muno. Ulemu udali waukulu, koma katundu wakenso adali wolemera. Wansembe wochokera ku France kapena ku Canada akasoŵa malata, ankalembera kalata abale ake ndi parishi ya kwao. Wansembe wobadwira ku Mua akadalembera yani? Abale ake ndi omwe aja adali pa ganyu.

M'nthaŵi ya Ambuye Chitsulo, pa 17 Febuluwale 1966, Papa Paul VI adatulutsa chikalata chotchedwa Paenitemini chimene chidasintha malamulo a kusala pa dziko lonse. Masiku okakamiza kusala chakudya adatsala aŵiri okha, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo maepiskopi a dziko lililonse adaloledwa kuika ntchito zachifundo ndi mapemphero m'malo mwa kusala nyama. Koposa apo, chikalatacho chidasiyanitsa maiko olemera ndi osauka. Olemera chidaŵauza kuti adzimane ndithu ndi kuthandiza abale awo ovutika. Osauka chidaŵauza kuti mavuto amene ali nawo kale aŵapereke kwa Mulungu m'pemphero, koma osaleka kufunafuna chilungamo pakati pa anthu. Apa Roma adavomera zimene katekisti wa pansi pa mtengo uja adaziona kale. Ndipo akhristu a ku Ulaya adachitadi mbali yawo: mabungwe monga Misereor wa ku Germany, woyamba mu 1958, ndi Trócaire wa ku Ireland, woyamba mu 1973, adakula ndi ndalama zosonkha pa Lenti, ndipo zina mwa ndalamazo zakhala zikufika m'midzi ya Malaŵi.

Koma mwana wina wa ku Mua adaona kuti kulandira kokha nkoopsa. Patrick Kalilombe, wobadwa mu 1933, adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, ndipo kuyambira 1973 mpaka 1975 adachititsa msonkhano wa dayosizi yonse umene mfundo yake idali yakuti mpingo ndi anthu onse, osati ansembe okha. Adafuna mpingo wodzitumikira, wodzifalitsa ndi wodzidalira, womangidwa pa timagulu ta mabanja oyandikana, timene ena amati miphakati, ena malimana. Maepiskopi a kum'maŵa kwa Africa adagwirizana mu 1976 kuti imeneyi ikhale njira ya madayosizi onse, ndipo Dedza idatsata. Boma la nthaŵiyo lidakayikira timagulu timeneti, poganiza kuti anthu okumana m'nyumba popanda chipani angayambe kukamba zina, ndipo mu 1976 Ambuye Kalilombe adakakamizika kutuluka m'dziko. Koma mbeu idali itagwa kale. Mu mphakati anthu amadziŵana nkhokwe. Amadziŵa nkhalamba imene denga lake likudontha, ndi wamasiye amene munda wake sunapaliridwe. Chopereka cha Lenti cha munthu wopanda ndalama chidapezeka: tsiku limodzi la khasu m'munda wa wodwala, mtolo wa nkhuni, mbale ya ufa. Akuluakulu adati kupatsa nkuika. Ndipo chopereka chenicheni cha dzinthu chidapeza nyengo yake yoyenera pa masika, pamene madengu a chimanga, nyemba ndi mbatata amaloŵa m'tchalitchi ndi nyimbo. Sindinganene kuti zonse zidakoma. Khadi la mtulo, limene m'malo ena limafunsidwa munthu asanathandizidwe pa ukwati kapena pa maliro, laliritsa amphaŵi ambiri, ndipo ndi pamenepo ukapitawo umayambanso kununkha mkwapulo.

Mayeso aakulu adadza ndi nkhondo ya ku Mozambique. Inu amene mudayendapo pa mseu wa Dedza kupita ku Ntcheu mukudziŵa kuti m'malo ena mseuwo ndiwo malire: uku Malaŵi, uko Angonia. Kuyambira 1986 anthu adayamba kuwoloka mwaunyinji, ndipo pofika 1992 othaŵa nkhondo m'dziko muno adapitirira 1 miliyoni. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sadakhale m'misasa yotchingidwa. Adamanga m'midzi, pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi ndi mafuko amodzi, Aphiri kwa Aphiri, Abanda kwa Abanda. Thandizo la mabungwe lidabwera pambuyo. Oyamba kugaŵa ufa, malo ndi madzi a pa chitsime adali eni mudzi, ndipo mitengo ya m'mapiri idalipira nawo mtengo wa chifundo chimenecho.

M'chaka chomwecho cha 1992, chilala chili pakhomo, Lenti idatulukira kunja kwa tchalitchi. Lachitatu la Phulusa lidali pa 4 Malichi. Lamulungu lotsatira, pa 8 Malichi, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno mudaŵerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith, kunena kuti chikhulupiriro chathu chizioneka m'moyo wathu. Makope 16,000 adasindikizidwa ku Balaka, ambiri mwa iwo m'Chicheŵa, nagaŵidwa mwakachetechete. Mmodzi mwa atsogoleri asanu ndi aŵiri amene adasaina adali Ambuye Gervazio Chisendera wa Dedza, amene adaloŵa m'malo mwa Ambuye Chitsulo atamwalira mu 1984. Kalatayo idayamba ngati uthenga wa Lenti, woitana anthu kutembenuka mtima. Kenaka idatchula zinthu ndi maina ake: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a anchito, mitengo yotsika imene alimi ankagulitsira mbeu zawo, kuthithikana kwa ana m'makalasi, kusoŵa kwa mankhwala, ziphuphu ndi kukondera, anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi mantha amene adatseka anthu pakamwa. Ameneŵa ndi mafunso a ukapitawo, koma tsopano ofunsidwa sadali amai a dengu la masika. Ofunsidwa adali osunga nkhokwe ya dziko.

Yankho lake mukulikumbukira, inu achikulire. Maepiskopi adaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre nafunsidwa kwa maola ambiri. Kalatayo idalengezedwa kuti ndi youkira boma, kotero kuti kupezeka nayo udali mlandu. Nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adayenda pa mseu kuikira kumbuyo maepiskopi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adalamulidwa kutuluka m'dziko pa Lachisanu Loyera, 17 Epulo. Kwa mkhristu wa ku Dedza, boma la kwao kwa a John Tembo, amene nthaŵiyo adali ndi mphamvu zazikulu m'chipani cholamula, kungopita ku Njira ya Mtanda chaka chimenecho kunkafuna mtima. Patapita miyezi 15, pa 14 Juni 1993, Amalaŵi adavotera ndale za zipani zambiri. Tinene zoona: m'chigawo chapakati, kuphatikizapo Dedza, ambiri adavotera kuti chipani chimodzi chipitirire. Anthu adamva kalata ya abusa awo Lamulungu, koma pa bokosi la voti adaganiza mwa iwo okha.

Zaka khumi pambuyo pa kalata ija, funso la nkhokwe lidabweranso, ulamuliro uli wina. M'zaka za 2000 ndi 2001 chimanga chosungidwa cha boma, matani oposa 160,000, chidagulitsidwa pafupifupi chonse, ndipo zokolola za 2001 zidachepa chifukwa cha mvula yoononga. Phulusa la 2002 lidadzolwa pa 13 Febuluwale pa mphumi za anthu amene ena mwa iwo ankadya mizu ndi madeya osakaniza ndi zosadyedwa. Maboma a m'chigawo chapakati, Dedza ndi Salima ali m'gulu, adakhudzidwa koopsa. Ansembe, masisitere ndi abusa, amene ankaika maliro tsiku ndi tsiku, adali m'gulu la oyamba kufuula, boma lisanavomere. Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza za ngozi ya njala pa 27 Febuluwale, Lenti ili m'sabata lachiŵiri. Oŵerenga imfa za chaka chimenecho amasiyana, ena amati mazana, ena amati zikwi. Miphakati idagaŵa chimene idali nacho mpaka idaguga, ndipo m'midzi ina chifundo chidatha ndithu: ogwidwa akuba dowe ankamenyedwa, ena kudulidwa ziŵalo, ndi anansi awo omwe.

Pasaka wa chaka chimenecho adagwa pa 31 Malichi. Pofika tsikulo minda yambiri idali itadyedwa chimanga chili chachiŵisi, eni ake pothaŵa njala ndi pothaŵa akuba. Motero zokolola za 2002 zidachepanso, ndipo pamene Lenti ya 2003 inkayandikira, Amalaŵi oposa 3 miliyoni adali pa mndandanda wolandira chakudya cha thandizo.